Mawu a M'kabati

Kabati ya zovala ya a Radivoj Kesić inali yakalekale, yolemera, yosasunthidwapo chiilowetsereni m'nyumbamo. M'chaka cha mliri chija kabatiyo ndi imene inasanduka malo awo a ntchito. M'mawa uliwonse akatha kumwa khofi ankavula masilipasi, n'kulowa chowerama pakati pa majasi a malemu akazi awo, n'kukhala pakampando kawo kowedzera nsomba. M'katimo munkalendewera maiki ndi katochi kowerengera. Mwana wawo Tijana ankawatsekera chitseko, iye n'kukakhala pabedi ndi kompyuta pamiyendo.

"Ababa, muli bwinobwino m'menemo?"

"Ndili ndi amako muno, usatisokoneze," ankayankha choncho. "Komatu mankhwala a njenjetewa andipha mliri usanandipeze. Yatsa makina akowo tiyambe."

Akayamba, nyumba yonse inkakhala chete. Mawu a a Radivoj sanali mawu wamba. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ku zisudzo za zidole muno mu Novi Sad, ndipo ambiri a ife tinakula tikumva mawuwo tisanaonepo nkhope ya mwini wake. Atapuma pantchito, kakampani kathu kopanga magemu a pakompyuta kanawatenga kuti akhale mawu a nkhalamba yowolotsa anthu pamtsinje mu gemu yathu ya Skela. Osewera ankaikonda nkhalamba imeneyo kuposa china chilichonse chimene ife tinakhetsera thukuta. Akazi awo anali atapita, siteji inali itawasiya, mano enieni anali atatsala owerengeka. Chimene anatsala nacho a Radivoj chinali pakhosi pawo basi, ndipo iwo eni ankadziwa.

Boma litalamula kuti okalamba onse asatuluke m'nyumba, Tijana, amene ankagwira nafe ntchito yoyendetsa nkhope za anthu a mu gemu, anatseka nyumba yake n'kusamukira kwa bambo ake ku Liman, dera lina la m'tauni momwemuno. Ndi iye amene anaganiza za kabatiyo, poti majasi amameza phokoso. Madzulo anthu akatuluka m'makonde a m'mwamba kukaombera m'manja madokotala, a Radivoj ankadikira kuti m'manjamo muzizire, kenako n'kuyankhula ngati chimbalangondo cha m'zisudzo zawo zakale kapena ngati mfumu yogontha. Ana a nyumba zoyang'anizana nazo ankakuwa, "Bwerezani! Bwerezani!" Umu ndi mmene nkhalambayo inkapiririra ukaidi wake.

Ife kuntchito zinthu sizinali bwino. Gawo lomaliza la Skela tinalonjeza kuti lituluka chisanu chikangotha. Ndiye mliri uja unabwera, aliyense n'kunyamula kompyuta yake kupita nayo kwawo, wina kukaiika pathebulo lodyera, wina pathabwa lositira. Ntchito imene muofesi inkatha pongotembenuza mpando n'kufunsa mnzako, tsopano inkadya sabata yathunthu. Tinasuntha tsiku kamodzi, tinasunthanso kachiwiri. Osewera anatitukwana mpaka makolo athu. "Kodi mukugona kumeneko?" "Muli pakhomo tsiku lonse, mukutani?" Wina analemba kuti agogo ake akanamaliza kale ndi singano zolukira.

Wolemba mauthenga opepesa anali Strahinja Belić, mmodzi wa eni kampani, amenenso ankayang'anira za mawu ndi nyimbo. Ntchito yake ankaidziwa, pamenepo tisaname. Khutu lake linkamva firiji ya nyumba yachitatu. Koma anali munthu wa pepani wapafupi. Akadya nkhomaliro yako m'firiji ya kuofesi, pepani. Akasintha ntchito yako osakuuza, pepani. Akakunyoza pamaso pa alendo, mawa lake ankabwera ndi chokoleti ndi pepani. Ankachita kunena yekha akuseka, "Amwene, timachita kaye, pepani amabwera pambuyo." Ndipo kupepesa ankakutha, Mulungu wanga! Uthenga wake ukatuluka pa intaneti, zilembo zoyera pansalu yobiriwira, ngakhale otukwana aja ena ankafewa. Zimenezi zinamuzoloweretsa kuganiza kuti palibe chinthu chimene angaswe chimene pakamwa pake sipangamate.

Nkhani inayamba pamsonkhano wa pavidiyo, aliyense ali m'kabokosi kake, wina mwana ali pamiyendo, wina mphaka akudutsa pamaso pake. Strahinja anatiyatsira mawu amene a Radivoj anajambula m'kabati, mawu otsanzika amene wowolotsa uja amanena kumapeto kwa gemu yonse. Atatha, ena a ife tinali tikupukuta m'maso mobisa.

"Mwamva?" anafunsa Strahinja.

"Tamva," anatero Gavrilo, wolumikiza zidutswa za gemuyo. "Madala amenewa ndi oopsa."

"Sindikunena madala. Kumbuyoko. Chikepe chokweza anthu cha m'nyumba mwawo yosanja chikukwera."

Anabwerezanso. Tinatchera makutu mpaka kupendeketsa mitu.

"Aise, ine ndikungomva mwana wanga akufuna phala," anatero Gavrilo.

Tijana anasendera pafupi ndi kamera. "Strahinja, anthu amasewera gemuyi akutafuna tchipisi, amayi awo akukalipa kukhitchini, galu akuuwa. Chikepe chakocho adzachimva ndani?"

"Ine."

"Ndiye vula mahedifoniwo ukhale ngati anthu."

"Si chikepe chokha ayi. Mawu onsewa akumveka majasi. Gawo lomaliza ili, Tijana, silidzabweranso. Ndibwereke achikulire tsiku limodzi lokha, ndiwatengere kuofesi, kachipinda kojambulira kangokhala. Palibe munthu kumeneko."

"Bambo anga satuluka. Lamulo likuletsa, ndipo ngakhale likanalola, chifuwa chawo ukuchidziwa, fodya anachimaliza kalekale. Ndakana. Ndipo ndakana pamaso pa anthu onsewa kuti mawa usadzati sunamve."

"Chabwino, chabwino, pepa. Ndimangonena."

Ife omudziwa tinayang'anana kudzera m'timabokosi tija. Pepa ameneyo tinali titamumvapo kambirimbiri, ndipo sankatanthauza kuti nkhani yatha.

Strahinja ankadziwa kuti Lachinayi lililonse Tijana ankawoloka mlatho kupita ku Petrovaradin kukasiyira azakhali ake zakudya ndi mankhwala, ndipo ndi mizere ya masiku amenewo ankabwerako dzuwa litapendeka. Lachinayi lotsatira, Tijana atangotuluka, foni yawaya ya m'nyumba mwa a Radivoj inalira.

"Achikulire, ndine Strahinja. Ndamvera zonse zija. Mwayesetsa ndithu."

"Ndayesetsa? Mwana iwe, amayesetsa ndi ana asukulu. Ine ndimachita."

"Zoona, zoona, pepani. Kungoti kabatiyo yakudyerani mawu. Akumveka ngati a munthu amene akuyankhula atafunda bulangete. Koma musadandaule nazo, anthu adzamvetsa. Adzangoti, ee, ukalamba, madala aja atha."



"Ndani adzanene zimenezo?"

"Aa, anthu a pa intaneti mukuwadziwa, pakamwa pawo palibe chitseko. Ine ndimafuna akumveni mmene ine ndimakumverani, koma Tijana wakana, ndiye basi, tizisiye. Chikhalirecho galimoto yanga ili pansipa."

Taonani kuchenjera kwakeko! Anadziwa pobaya. Ndipo tisawayeretse a Radivoj ngati mwana wakhanda, anali munthu wamkulu wodziwa chimene mwana wawo anakana. Koma munthu amene wakhala masabata akuona msewu pazenera pokha, kenako wina n'kumuuza kuti chinthu chimodzi chimene watsala nacho chayamba kuchita dzimbiri, mukuganiza angatani? Anavala nsapato zawo zakuda, anavala jekete la pasiteji, n'kutsika. Anagona pampando wakumbuyo, Strahinja n'kuwafunditsa bulangete kuopa apolisi, ndipo njira yonse nkhalambayo inkaseka pansi pa bulangetelo ngati mwana wothawa sukulu.

Kachipinda kojambulira ka kuofesi kwathu n'kakang'ono, kopanda zenera, komatidwa masiponji mbali zonse, chitseko chake chokhuthala. Kanali katatsekedwa chiyambireni mliri. A Radivoj atangolowa anagwira mphuno.

"Fuu! Muno munafera khoswe kapena ndi masokosi a Gavrilo?"

"Ine sindikumva kanthu," anatero Strahinja.

Sankanama. Sankamvadi kanthu. M'mawa womwewo khofi wake anangomveka ngati madzi ofunda, ndipo pakhosi pankamuyabwa chiyambire dzulo lake. Nthawi imeneyo ndani amene anali asanamve pawailesi tanthauzo la zimenezi? Koma iye anadziuza kuti ndi thonje la mitengo ya popula limene limauluka m'tauni muno nyengo imeneyo, limamuvutitsa chaka ndi chaka. Maganizo oti abweze nkhalambayo anamufikira ndithu, iye mwini anadzavomera pambuyo pake. Anawakankhira kumbali. Anali atafika kale, maiki inali itayaka, ndipo ngati pangadzakhale vuto, pepani analipo.

Anayamba bwino, iye kuseri kwa galasi, nkhalamba m'kati. Mawu ankatuluka oyera, opanda chikepe, opanda majasi. Koma Strahinja sakhutira. "Tibwereze." A Radivoj ankabwereza. "Pafupifupi. Tibwereze." Posakhalitsa galasi lija linayamba kumutopetsa. Analowa m'kachipindamo kukasendeza maiki, anatseka chitseko, anatsitsa masiki yake kuti awaonetse popumira, nkhope yake pafupi ndi yawo.

"Apa, achikulire, kokani mpweya apa, kenako mutulutse pang'onopang'ono. Chonchi. Haaa."

"Ukundiphunzitsa kupuma iwe? Ndinayamba kupuma amako asanabadwe."

Anaseka onse awiri. Pakhosi pa nkhalambayo pataumirako, Strahinja anatulutsa botolo la mowa waukali wa rakija m'dirowa, ndipo poti makapu onse anali akuda kukhitchini, anamwera kapu imodzi. Anajambula mpaka mawu anayamba kusasa. Anali atafika pakati, mawu otsanzika aja asanawakhudze n'komwe.

"Zotsalazo Lachinayi likubwerali," anatero Strahinja akuwafunditsanso bulangete.

Tijana atabwera anapeza bambo ake ali pampando wawo, nyuzipepala yakale ili m'manja, nkhope yosalakwa. Anapita kukapachika jasi lake, ndipo paphewa la jekete la pasiteji lija anaona kathonje koyera ka popula. Anayang'ana pansi, nsapato zakuda zinali ndi fumbi. Anatenga foni n'kuimbira Strahinja.

"Wawatulutsa."

"Tijana, pepa, ndikudziwa wakwiya, koma tangomvera kaye zimene tajambula, ukamva udza..."

"Ukutsokomola."

"Ndi popula uyu."

Tijana anadula foni. Anakhala pansi m'khonde momwemo, pakati pa nsapato, manja ali pamutu.

Lachinayi lija silinafike. Strahinja anagona masiku angapo, mutu ukuwawa, kenako anadzuka n'kumadya bwinobwino. A Radivoj anayamba ndi kuzizidwa, kenako thupi linatentha, kenako mpweya unayamba kuperewera moti sankatha kumaliza chiganizo. Anabwera anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anawatsitsa pa chikepe chomwe chija, ndipo anamuuza Tijana kuti atsale, kuchipatala sikulowa achibale. Anatsala ndi foni. Ankaimba m'mawa uliwonse, n'kumva mawu otopa a namwino akuti alipo, sizinasinthe. Kenako anamuuza kuti awalowetsa paipi pakhosi, makina ndi amene akuwapumira. Paipiyo inakhala mmenemo masabata ambiri. Strahinja ankatumiza mauthenga tsiku ndi tsiku, onse oyamba ndi mawu amodzimodzi, ndipo Tijana sanatsegule ngakhale umodzi.

A Radivoj anabwerako nyengo yotentha, amoyo. Ambiri amene analowa nawo sanabwereko, ndiye tinathokoza Mulungu. Koma atafika m'nyumba, ataona kabati yawo, anatsegula pakamwa kuti anene nthabwala, ndipo chimene chinatuluka chinali mpweya wokhawokha, ngati tayala la njinga likuphwa. Dokotala anauza Tijana kuti paipi ija inapweteka m'kholingo. Kunong'ona azinong'ona, koma mawu akale aja asawayembekezere. Madzulo ena mayi wina wa nyumba yoyang'anizana nayo anawaona pakhonde n'kufuula, "A Kesić! Mwabwera! Ana akufunsa chimbalangondo chija!" A Radivoj anakweza dzanja, anamwetulira, n'kulowa m'nyumba. Pakhonde paja sanadzaimeponso.

Ku kampani tinasuntha tsiku kachitatu. Strahinja analemba uthenga wopepesa, ndipo unali wokoma kuposa onse amene analembapo. Unkati gawo lomaliza lichedwa chifukwa cha zovuta zimene palibe akanaziona zikubwera. Palibe akanaziona! Asa! Tijana anaziona, anazinena, anazinena pamaso pa anthu onse kuti wina asadzati sanamve. Koma osewera anafewa monga mwa nthawi zonse, ena mpaka kulemba kuti, musadandaule anyamata, thanzi ndiye loyamba.

Tsono panali vuto. Mawu oyera a m'kachipinda kaja anathera pakati. Kuwalumikiza ndi a m'kabati sikunatheke, ankamveka ngati nkhalambayo yasamuka nyumba chiganizo chili pakamwa. Strahinja anayesa kupeza munthu wotsanzira mawu a a Radivoj, koma aliyense amene anabwera ankamveka ngati mwana wavala nsapato za bambo ake. Pomaliza panalibe kuchitira mwina. Mawu onse a tsiku lija, amene nkhalambayo inalipira ndi pakhosi pake, anatayidwa. Mu gemu munalowa mawu a m'kabati, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, monga mmene Tijana anawajambulira pabedi paja. Iye anatipatsa chilolezo chifukwa bambo ake anagwedeza mutu kuvomera, ndipo atangotipatsa anasiya ntchito.

Gawo lomaliza linatuluka masamba akugwa. Anthu analira nalo. Analemba m'zinenero zimene ena sitinkazidziwa n'komwe, onse akunena chinthu chimodzi, kuti wowolotsa uja potsanzika akumveka ngati wakhala pambali pako penipeni, ngati mwafunda bulangete limodzi. Wina anafunsa kuti ndi studio yanji yodula imene tinajambulira mawu ofunda chonchi. Za chikepe palibe anatchula. Ngakhale mmodzi! Gavrilo anafufuza dala m'zolemba zonsezo, osapezamo kanthu. Ndipo woyamikiridwa anali Strahinja, poti dzina lake ndi limene linali pa za mawu.

Banja la a Kesić limakumbukira Dimitrije Woyera, ndipo slava yawo, phwando la woyera wa banjalo, imachitika chisanu chikuyamba. Zaka zonse m'nyumbamo munkadzaza mpaka pamasitepe, ndipo a Radivoj akakweza tambula kudalitsa alendo, mawu awo ankamveka mpaka kunsi kwa nyumba. Chaka chimenecho tinalipo owerengeka, mawindo otsegula, aliyense masiki pachibwano. Kandulo inayaka, buledi wa slava anali pathebulo, tirigu wophika ali m'mbale yake. A Radivoj anaimirira monga mwini nyumba amaimirira tsiku limenelo, osakhala pansi. Anakweza tambula, milomo inagwedera, ife n'kuwerama kuti timve, osamva kanthu. Tijana anaima pambali pawo n'kunena mawu a dalitsowo m'malo mwawo, misozi ikutsika koma nkhope ili gwa. Sindinamwepo vinyo wowawa ngati ameneyo.

Tili pakati pa kudya, belu linalira. Tijana anatsegula, ndipo pakhomo panali Strahinja, paketi ya khofi m'dzanja limodzi, botolo m'dzanja lina. Anali ataonda.

"Ukanabwera tsiku lina lililonse ndikanakugubuduza pamasitepepa," anatero Tijana motsitsa mawu. "Koma wasankha bwino, ukudziwa kuti pa slava mlendo sabwezedwa. Kuchenjera sunasiye. Lowa."

Analowa. Anadzilemba mtanda, anadya supuni ya tirigu monga mwa mwambo, kenako anatembenukira kwa mwini nyumba.

"Achikulire, ine ndabwera kuti ndi pakamwa panga ndi..."

A Radivoj anakweza dzanja kumuletsa. Anamugwira mkono wa malaya n'kumukoka pang'onopang'ono kupita naye kuchipinda. Ife tinatsatira mpaka pakhomo, osadziwa chimene chikuchitika. Nkhalambayo inatsegula kabati. Zonse zinali momwemo, majasi, kampando kowedzera nsomba, katochi, maiki ikulendewera. Inaloza m'katimo.

Strahinja ndi munthu wamtali. Anapinda mawondo, anawerama, analowa pakati pa majasi a malemuwo n'kukhala pakampando kaja. A Radivoj anamutsekera chitseko, anayang'ana mwana wawo. Tijana anamvetsa. Anatenga kompyuta pashelefu, analumikiza mawaya, anapatsa bambo ake mahedifoni, n'kudina.

"Nena," anatero Tijana. "Akumva."

M'kabatimo munatuluka mawu. Ndinena zoona, ulendo umenewu sanali pepani wa chokoleti. Munthuyo ankalira. Ananena zonse, za khofi wosakoma uja, za pakhosi poyabwa, za bodza la ukalamba limene anawanamiza nalo pafoni, za masiki imene anatsitsa. Anati sagona. Anati akanatha akanachotsa kholingo lake n'kuwapatsa. Anamaliza ndi pepani, pepani, achikulire, pepani.

A Radivoj anamvetsera maso ali chitsinzire, monga munthu wa ntchito yake. Strahinja atakhala chete, iwo anaika zala pakhosi pawo, anakoka mpweya, anatsegula pakamwa kuyesa mawu. Panatuluka kamphepo kaja. Anatsegula chitseko cha kabati pang'ono, anaweramira m'kati, n'kunong'ona.

"Tibwereze."

Anatsekanso. Strahinja anayambiranso. Atamaliza, nkhalambayo inagwiranso pakhosi, inayesanso, inapukusa mutu.

"Pafupifupi. Tibwereze."

Kachitatu Strahinja sanathe kufika patali. Ananena pepani kamodzi, kenako kunangomveka kufwenthera m'majasi. Pamenepo kuseri kwa khoma chikepe chinayamba kukwera, kung'ung'udza chapansipansi. Tsiku limenelo tonse tinachimva bwinobwino chikepe chija, poti panalibenso mawu ochiphimba.

A Radivoj anavula mahedifoni n'kutsegula kabati. Strahinja anatuluka chokwawa, maso ali psuu, ubweya wa majasi uli m'tsitsi. Nkhalambayo inamukodola kuti asendeze khutu, khutu lija lomva firiji ya nyumba yachitatu, ndipo anachita kuligunditsa pamilomo yawo kuti amve.

"Wanena bwino, mwana iwe. Zamveka zoyera." Anagwira dzanja la Strahinja n'kuliika pakhosi pawo, pamene panali chipsera. "Koma apa sipanamve."

Kenako anabwerera kuthebulo, anathira vinyo m'tambula n'kumupatsa, chifukwa mlendo wa pa slava sachoka kukamwa kuli gwa. Strahinja anamwa ataimirira, anaika tambula pansi, anatuluka. Chikepe sanachidikire, tinamumva akutsika pamasitepe.

Skela anthu akusewerabe mpaka lero, ndipo tsiku lililonse kwinakwake wowolotsa uja amatsanzika ndi mawu ake onse, ofunda, amphamvu. Mwini mawuwo akafuna madzi amagogoda pathebulo ndi supuni. Khofi wa Strahinja uja Tijana anapatsa mayi wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo chaka chilichonse pa slava paketi ina imafika, iye n'kuipereka komweko. Strahinja akhoza kupepesa mpaka tsitsi lake lidzachite imvi, ndipo mwina akupepesadi kuchokera pansi pa mtima, koma chimbalangondo chija ana a ku Liman sadzachimvanso. Akuluakulu sananame pamene anati pepani sapoletsa chilonda.